DOTOLO WA MUDZI WONSE

Phunziro la pa misonkhano ya mpingo mvula isanagwe

Mau owerenga: Deuteronomo 22:8, Deuteronomo 23:12-14, Ezekieli 33:1-6.

Caka ndi caka, mvula ikayamba kugwa, zipatala za m'dziko lathu zidzala ndi odwala, ndipo ambiri a iwo ndi ana ang'ono. Matenda ake ndi omwewo amene anabwera caka catha: malungo, kutsegula m'mimba, cifuwa, ndi kuonda kwa ana osowa cakudya coyenera. Dotolo apereka mankhwala, mwana acira, amake nabwerera naye kumudzi mokondwa. Koma mwezi usanathe alinso pa mzere womwe uja ndi nthenda yomwe ija. Mwina ulendo wacitatu safika konse, pakuti mwana atsirizikira panjira.

Kodi colakwa cili pati? Mankhwala anali abwino, ndipo dotolo anadziwa nchito yake. Koma mwanayo anabwerera ku citsime comweco, ku nyumba yomweyo ya udzudzu, ku mbale yomweyo ya phala la madzi okhaokha. Cifukwa ca ici, m'masukulu akulu ophunzitsa madotolo muli phunziro lina lapadera, la umoyo wa anthu onse ndi la kuchinjiriza matenda asanafike. M'maphunziro ena wophunzira azolowera kupima munthu mmodzi ali gone pa kama. M'phunziro ili aphunzira kupima mudzi wathunthu, monga ngati mudziwo ndiwo wodwala wake. Tiyeni tione kumene phunziroli linacokera, zimene aphunzitsamo, ndi cifukwa cake silingabale zipatso popanda ife anthu a m'midzi.

1. Kampanda wa pa tsindwi

Nzeru ya kuchinjiriza siinayambe ndi madotolo a masiku ano iai. M'cilamulo ca Mose, munthu womanga nyumba yatsopano analamulidwa kuika kampanda m'mbali mwa tsindwi lake, pakuti matsindwi a dziko lija anali athyathyathya, ndipo anthu anali kukwerapo kukapumula. Lamulolo silinanene za kumanga mwendo wa munthu atagwa kale. Linafuna kuti asagwe konse, ndipo likasamalidwa, mwini nyumba analibe mlandu wa imfa ya mnzake.

Momwemonso ankhondo a Israeli ali kumisasa analamulidwa kupatula malo kunja kwa cigono, ndi kunyamula cokumbira, kuti munthu akadzithandiza afotsere. Cifukwa cake cinali cakuti Mulungu mwini anali pakati pao. Taonani, abale, nkhani ya cimbudzi, imene ife ticita nayo manyazi kuichula pa msonkhano, Malembo sanacite nayo manyazi.

Ndipo mneneri Ezekieli anafotokoza za mlonda woikidwa kuti ayang'ane adani. Mlonda sacita nkhondo yekha, nchito yake ndiyo kuona coopsa cikali patali ndi kucenjeza anthu. Akakhala cete, imfa ya anthuwo ili pa iye. Dotolo wophunzira kuchinjiriza matenda ali ngati mlonda ameneyo.

2. Mjigo wa ku London

Nkhani imene ophunzira amva poyamba phunziro ili ndiyo ya dotolo John Snow. M'caka ca 1854 kolera inabuka mu London, pa msewu wochedwa Broad Street, ndipo m'masiku 10 okha anthu oposa 500 anamwalira. Masiku amenewo anthu, ngakhale madotolo omwe, anakhulupira kuti nthendayi idza ndi mpweya wonunkha. Snow anaganiza kuti idza ndi madzi. Mankhwala ociritsa kolera analibe, koma anatenga maina a akufa, nafunsa kumene munthu aliyense anali kutunga madzi, napeza kuti maliro anaunjikana pozungulira mjigo umodzi. Amuna ogwira nchito m'nyumba yofulira mowa pa msewu womwewo sanadwale, popeza sanali kumwa madzi a mjigowo. Koma mai wina wamasiye wokhala kutali, amene anali kuituma madzi a pa mjigo umenewo cifukwa ca kukoma kwake, anamwalira. Snow anakaonekera kwa akulu a dera lija, ndipo iwo anacotsa copukusira ca mjigo.

Pa nkhaniyi pali munthu wina amene ife Akristu tiyenera kumdziwa. Ndiye mbusa wacinyamata wa mpingo wa pamenepo, dzina lake Henry Whitehead. Poyamba iye sanavomereze mau a Snow, nayamba kuyenda nyumba ndi nyumba kuti amtsutse. Popeza anthu anamdziwa, anamuuza zonse mosabisa. Potsiriza ndiye amene anapeza gwero lake: khanda lina linadwala poyamba, amake natsanulira madzi ocapira matewera m'dzenje la zonyansa limene linali pafupi ndithu ndi citsime ca mjigo. Dotolo anali ndi nzeru ya kuwerenga ziwerengero, mbusa anali ndi makomo otseguka. Pa awiriwa, mmodzi yekha sakadatha nchito.

3. Phunziroli lifika mu Afrika

M'caka ca 1940 dotolo Sidney Kark ndi mkazi wake Emily, amenenso anali dotolo, anatsegula kacipatala pa Pholela, m'midzi ya ku Natal, ku South Africa. Anagwira nchito pamodzi ndi Edward Jali, wothandiza madotolo, ndi mkazi wake Amelia, namwino. Iwo sanakhale m'cipatala kulindira odwala. Anaphunzitsa anthu a komweko kuyendera nyumba iliyonse, kulemba obadwa ndi akufa, kuthandiza mabanja kulima ndiwo zamasamba, kukumba zimbudzi ndi kudyetsa ana bwino. Poyamba pa makanda 100 alionse oposa 25 anali kumwalira asanakwanitse caka. Patapita zaka ngati 10, ciwerengeroco cinatsika kufika pafupi ndi 10. Pambuyo pake a Kark anapita ku Durban, nayamba kuphunzitsa njira yomweyo kwa ophunzira udotolo. Boma la tsankho la masiku amenewo silinakondwere ndi nchitoyo, niinazilala kumeneko, koma mbeu yake inamera m'maiko ena.

Ku Nigeria dotolo David Morley anafika m'caka ca 1956 kudzagwira nchito pa cipatala ca mishoni ya Methodist ku Ilesha. M'mudzi wochedwa Imesi-Ile iye anayambitsa sikelo ya ana osakwana zaka 5, ndi kadi lolembapo kulemera kwa mwana mwezi ndi mwezi, limene lisungidwa ndi amake a mwana. Kadi limene amai a kwathu amanga pa nsonga ya citenje popita ku sikelo linacokera ku nzeru imeneyo.

Ndipo m'caka ca 1978 maiko 134 anasonkhana mu mzinda wa Alma-Ata, umene lero uchedwa Almaty, nagwirizana kuti maziko a umoyo wa dziko ndiwo cithandizo coyamba cofika pafupi ndi kumene anthu akhala, ndi kuti eni mudzi akhale ndi mbali m'menemo.

4. M'dziko lathu

Sukulu ya udotolo ya Yunivesite ya Zambia inayamba m'caka ca 1966, ndipo madotolo ake oyamba anatsiriza maphunziro mu 1973. Ili pa Ridgeway mu Lusaka, pafupi ndi cipatala cacikulu ca UTH. Mmodzi wa aphunzitsi ake oyamba anali dotolo Maurice King, amene anacokera ku Makerere, ku Uganda. Iye ndi anzake analemba buku la kadyedwe koyenera, limene linatuluka mu 1972, lolembedwa m'mau osavuta kuti lithandize anchito a m'zipatala zazing'ono. Mu 2011 sukulu ina ya udotolo inatsegulidwa ku Ndola, ndipo tsopano zilipo zinanso. Pa Chainama mu Lusaka paphunzira othandiza madotolo ndi oyang'anira ukhondo a m'maboma. Kwa anansi athu a ku Malawi sukulu ya udotolo inayamba ku Blantyre mu 1991, niyamba kutumiza ophunzira ake ku Mangochi kuti akaphunzire umoyo wa m'midzi.

Phunziro ili silithera m'kalasi. Wophunzira atumizidwa kwa masabata angapo ku kacipatala ka kumudzi kapena ka m'komboni, ndipo kumeneko aphunzira zinthu zinai.

Coyamba ndico kuwerenga anthu. Tiyerekeze mudzi wa nyumba 60 wokhala ndi zitsime ziwiri. Mwezi uno nyumba 12 zadwaza ana otsegula m'mimba: 10 zitunga ku citsime ca kudambo, 2 ku citsime ca kumtunda. Wopupuluma adzanena msanga kuti citsime ca kudambo ndico coipa. Koma wophunzira aphunzitsidwa kufunsa kaye kuti, Nyumba zotunga pa citsime ciliconse ndi zingati? Ngati ndi 30 uku ndi 30 uko, citsime ca kudambo cili ndi mlandu ndithu. Koma ngati kudambo kutunga nyumba 50 ndi kumtunda 10, ndiye kuti konsekonse nyumba imodzi pa zisanu yadwaza, ndipo gwero liyenera kufunidwa kwina. Nzeru iyi ichinjirizanso osalakwa. Kangati ana akamwalira motsatana, mudzi unaloza cala nkhalamba yosauka kuti ndi mfiti, pamene mfiti yeniyeni inali m'mtsuko wa madzi?

Caciwiri ndico kutsata njira ya nthenda. Nthenda iliyonse yopatsirana ili ndi mpita wake, monga mbewa. Malungo adza ndi udzudzu umene uluma usiku, nuswana m'madzi oima. Likodzo lilowa pa khungu la munthu wosamba kapena kucapa m'madzi okhala nkhono, ndipo nkhonozo zitenga nthendayo ku mkodzo wa wodwala. Kolera ndi kutsegula m'mimba zicoka m'cimbudzi ca munthu kufika pakamwa pa mnzake, podzera m'madzi, m'manja, m'nchenche ndi m'cakudya. Cifuwa cacikulu ciuluka ndi mpweya wa wotsokomola m'nyumba yopanda mazenera. Wodziwa mpita adziwanso pochera msampha.

Cacitatu ndico kudziwa zipata zitatu zotsekera matenda. Cipata coyamba citsekedwa nthenda isanalowe: katemera, ukonde wa udzudzu, cimbudzi, madzi abwino, ndi kuyamwitsa mwana bere lokha miyezi 6. Caciwiri ndico kupeza nthenda ikali yaing'ono, munthu asanagone: kukweza mwana sikelo, kupima amai apakati, kupima magazi kuti munthu adziwe ngati ali ndi HIV, kupima kuthamanga kwa magazi ndi shuga kwa akulu, ndi kupima khomo la ciberekero kwa amai. Cacitatu ndico kuthandiza wodwala kuti nthenda isamuononge koposa, monga kuonetsa kuti wa cifuwa cacikulu atsiriza mankhwala ake miyezi 6 yonse, osalekera panjira pomva bwino. Mphamvu ya cipata coyamba tiiona pa nthomba. Agogo athu anaiopa koposa, ena nakhala ndi zipsera kumaso moyo wao wonse. Mankhwala oiciritsa panalibe, koma katemera anaitsekereza kufikira wodwala wotsiriza woitenga mwacibadwa anapezeka ku Somalia mu 1977, ndipo mu 1980 kunalengezedwa kuti yatha pa dziko lonse lapansi.

Cacinai, cimene cili covuta koposa kwa munthu wophunzira kwambiri, ndico kumvetsera. Safunsa anadya phula. Wophunzira angalangize mai kuti apatse mwana nyama ndi mkaka, osadziwa kuti m'nyumbamo mulibe ndalama, pamene nsinjiro, nyemba, matemba ndi cibwabwa zilipo pafupi. Angakalipire amai obwera mocedwa ku sikelo, osadziwa kuti mtsinje unadzala, kapena kuti mai sangacoke popanda mau a mwamuna wake ndi apongozi. Cotero aphunzitsidwa kuyamba kwa nyakwawa, kukhala pansi pa mphasa, ndi kufunsa asanalangize. Pa zimenezi aphunzitsi ake ndinu.

5. Cifukwa cake nchitoyi ipepuka m'maso mwa anthu

Dotolo wong'amba munthu ndi kumcotsa cotupa ayamikidwa ndi banja lonse, ndipo kutero nkoyenera. Koma amene anayenda ndi njinga kupereka katemera wa cikuku kwa ana a midzi isanu, ndani adzamyamika? Ana amene sanadwale sadziwa kuti anapulumuka. Zipatso za nchito iyi ndizo manda amene sanakumbidwe, ndipo manda otero saoneka ndi maso. Cifukwa ca ici ophunzira ambiri akonda maphunziro a m'cipinda cong'ambira koposa a ku zitsime, ndipo ife tomwe tilemekeza jekiseni koposa malangizo.

Koma tikanyozera, mtengo wake tiulipira ndi miyoyo. Mu October 2023 kolera inabukanso m'dziko lathu, niinapitirira kulowa m'caka ca 2024. Anthu oposa 20,000 anadwala, ndipo ngati 700 anamwalira, ambiri a iwo mu Lusaka. Bwalo la mpira la Heroes linasandulika cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa. Gwero lake linali lomwe lija Snow ndi Whitehead analipeza zaka 170 zapitazo: zitsime zosazama zokumbidwa pafupi ndi zimbudzi, mvula nizisanganiza. Ndipo ambiri anafera kunyumba kapena panjira, asanalandire cithandizo, pamene madzi a mcere ndi shuga akadawasunga ndi moyo kufikira atafika kucipatala.

6. Mbali ya mpingo

Mutu umodzi susenza denga. Madotolo ndi ocepa, midzi ndi yambiri, ndipo wophunzira wobwera kwa masabata ocepa adzabwerera kusukulu. Otsala ndife. Mpingo usonkhana Sabata ndi Sabata, uli ndi akulu m'mudzi uliwonse, uli ndi amai a Cigwirizano oyendera odwala. Makomo amene anatsegukira Whitehead atitsegukira ifenso. Nazi zimene mpingo uliwonse ungacite mvula isanagwe:

Nyumba iliyonse ya Mkristu ikhale ndi cimbudzi ca civundikiro, ndi madzi ndi sopo kapena phulusa pakhomo pake posambira m'manja. Cimbudzi cikumbidwe kumunsi kwa citsime, pa mtunda wosacepera mamita 30. Nyumba ya mapemphero ndi ya abusa ziyambe ndizo.

Madzi akumwa aphitsidwe kapena athiridwe klorini, asungidwe m'cotengera covundikira, ndipo patungidwe ndi cikho cimodzi coyera.

Munthu akayamba kutsegula m'mimba, apatsidwe msanga madzi a paketi ya ORS. Paketi ikasowa, sungunulani masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mcere mu lita imodzi ya madzi oyera. Amwe pang'onopang'ono kosalekeza, ngakhale panjira ya kucipatala. Mwana asaleke kuyamwa.

Onse agone m'ukonde usiku uliwonse, makamaka ana ndi amai apakati. Ukonde si wophera nsomba kapena wochingira nkhuku ndi dimba. Mwana akatentha thupi apimidwe magazi tsiku lomwelo.

Akulu a mpingo poyendera mabanja afunse kuona kadi la sikelo. Mwana alandira katemera pobadwa, pa masabata 6, 10 ndi 14, ndipo wa cikuku pa miyezi 9 ndi 18. Mzere wa kulemera ukaleka kukwera, mwanayo ali pangozi angakhale akusewera. Abambo, nchito iyi si ya amai okha.

Wotsokomola masabata awiri apite kukapimitsa makhololo. Mai wapakati ayambe sikelo msanga, ndipo banja likonzeretu za ulendo wa kukabereka kucipatala.

Pa maliro a munthu womwalira ndi kolera, mverani a zaumoyo: musasambitse mtembo, musaphike cakudya ca khamu, ndipo musasambe m'manja m'mbale imodzi. Kutero sikunyoza womwalira, koma kusunga amoyo.

Akristu alowe m'makomiti a zaumoyo a m'dera lao. Ophunzira udotolo akafika ndi mafunso ao, alandireni bwino ndi kuwayankha zoona, ngakhale pa zocititsa manyazi. Cimene mnyamata kapena mtsikana ameneyo adzaona pa bwalo lanu adzacikumbukira pamene adzakhala dotolo wamkulu wa boma lathunthu.

Ena anena kuti, Imfa ikafika yafika, Mulungu ndiye asunga. Zoonadi moyo uli m'manja mwa Mulungu. Koma Mulungu yemweyo ndiye analamula kampanda pa tsindwi ndi cokumbira m'katundu wa msilikali. Kupempherera mwana ndi kumsiya akumwa madzi oipa ndiko kuyesa Mulungu. Yesu Kristu anaciritsa odwala amene anadza kwa Iye, ndipo anatumanso ophunzira ake kumidzi, awiriawiri, kunyumba za anthu. Cikondi cithamangira wodwala, ndipo cikondi comweco cikumba cimbudzi m'mwezi wa October, dzuwa lili phwee, cifukwa ca mwana wa mnansi amene sanadwale.

Mafunso okambirana

1. Chulani matenda atatu amene anavuta m'mudzi mwanu dzinja latha. Mpita wa nthenda iliyonse unali uti?
2. M'mudzi mwanu muli nyumba zingati, ndipo zingati zilibe cimbudzi? Ndani adzakumbira amasiye ndi nkhalamba?
3. Kodi nchito ya Henry Whitehead itiphunzitsa ciani za udindo wa abusa ndi akulu a mpingo?
4. Monga mwa Ezekieli 33, kodi munthu wodziwa kuti citsime caipa, nakhala cete, ali ndi mlandu wanji?

Pemphero

Atate wathu wa Kumwamba, Mwini moyo, tikuyamikani cifukwa ca nzeru imene mwapatsa anthu ya kudziwa njira za matenda. Dalitsani aphunzitsi ndi ophunzira a m'masukulu a udotolo, muwapatse mtima wodzicepetsa wakukonda anthu a m'midzi. Limbikitsani anamwino ndi onse oyenda mitunda yaitali kukachinjiriza ana athu. Mutipatse ife maso a mlonda ndi manja osatopa, kuti midzi yathu ikhale yoyera, yoyenera kuti Inu muyendemo. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.